MLANDU WA MAU: MBIRI YA MADANDAULO A KU BWALO LALIKURU

Nkhani yathu ya lero ndi ya mlandu umene ulibe mtembo, ulibe mbuzi yobedwa, ulibenso nyumba yothyoledwa. Ndiwo mlandu wa mau. Munthu aimirira pa msonkhano, kapena alemba m'nyuzipepala, kapena aimba nyimbo; m'mawa mwace apolisi afika pakhomo nanena kuti mau ace ngoutsa mitima ya anthu, ngosokoneza mtendere, ngonyoza Boma. Nanga munthu wotere athawira kuti? Kwa zaka zambiri anthu a dziko lino akhala akupita ku Bwalo Lalikuru kukapempha oweruza kuti afafanize mlanduwo, kapena kuti amasule womangidwayo. Ndifuna kuti tione m'mene njira imeneyi inalambulidwira, cimene yapulumutsa, ndi cimene yalephera kupulumutsa.

Tiyambe ndi kumvana pa cinthu cimodzi. Makolo athu anadziwa kuti pakamwa pangathe kupalamula. Wonenera mnzace ufiti, wotukwana mpongozi, wonamizira mkazi wa mwini, onsewa analikuitanidwa ku bwalo la mfumu nalipa nkhuku kapena mbuzi. Koma pa bwalo lomwelo munthu wamba analinso ndi danga la kuuza mfumu kuti yalakwa, pakuti akuru anati wakutsina khutu ndiye mnansi. Cacilendo cimene cinadza ndi ulamuliro wa Angerezi ndi ici: wodandaula pa mlandu wa mau anakhala Boma lenileni, mwini apolisi ndi mwini ndende, ndipo Boma lomwelo ndilo linalemba lamulo lonena mau ololedwa ndi mau oletsedwa.

KUMENE MANTHA ANABADWIRA

Mu May 1935 anchito a m'migodi anamva mwadzidzidzi kuti msonkho wa anthu okhala m'matauni wakwera. Sitalaka inayamba ku Mufulira, inafika ku Nkana, nithera ku Roan Antelope, ku Luanshya, kumene apolisi anaombera mfuti napha anthu 6 pa 29 May. Masiku amenewo kunalibe bungwe la anchito, ndipo Azungu anazizwa kuti uthenga unayenda bwanji kucokera ku mgodi wina kufika ku wina. Unayenda ndi makalata opacikidwa m'komboni, unayenda pakamwa pa anthu, unayendanso ndi a gule wa Mbeni. Akuru ofufuza, amene anatsogozedwa ndi Sir Alison Russell, anabvomera kuti msonkho ndi kalengezedwe kace ndizo zinayatsa moto, koma ananenanso kuti mabuku a Watch Tower anali atakonzeratu mitima ya anthu kupeputsa olamulira. Cotero Boma linaletsa ena mwa mabukuwo.

Patapita zaka zisanu, pa 3 April 1940, asilikari anaomberanso anchito ku Nkana, ndipo anthu 17 anafa. Cifukwa ca sitalaka imeneyo cinali poyera: Azungu a m'migodi anali atangocita sitalaka yao napatsidwa zimene anapempha, ndipo anthu akuda anafuna kuti malipiro ao akwerenso. Komabe cizolowezi cinali citamera kale m'maofesi a Boma, ca kufunafuna gwero la msokonezo m'kamwa mwa wolankhula m'malo mwa kulifuna m'thumba la wanchito.

Cida cacikuru ca Boma cinali lamulo la mlandu umene Angerezi amaucha sedition. Lamulolo linati ndi mlandu kunena kapena kusindikiza mau ocititsa anthu kuda Boma kapena kulipeputsa, outsa madandaulo pakati pa anthu, kapena odanitsa mtundu ndi mtundu unzace. Koma lamulo lomwelo linatinso si mlandu kusonyeza kuti Boma lasokera kapena lalakwa, ngati colinga ndi cakuti colakwaco cikonzedwe. Taonani tsono kupapatiza kwa njirayo. Munthu wonena kuti malipiro a wakuda ngocepa, kodi alikusonyeza colakwa kapena alikuutsa madandaulo? Ku Mangalande kwao oweruza analikufuna umboni wakuti wolankhulayo anafuna kuutsa ciwawa. Koma pamene I. T. A. Wallace-Johnson, mwana wa ku Sierra Leone, anatsutsidwa ku Gold Coast cifukwa ca nkhani ya m'nyuzipepala, nadandaula kufikira ku bwalo la Privy Council ku London, oweruza a kumeneko anagamula, nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itangoyamba, kuti pa lamulo la dziko lolamulidwa monga limenelo umboni wa ciwawa sufunika. Mau okha anakwanira.

CAKA CA 1956

Bungwe la anchito akuda a m'migodi linabadwa mu 1949, mtsogoleri wace ali Lawrence Katilungu. Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinakhazikitsidwa mu 1953 anthu akuda akukana, ndipo kuyambira pamenepo misonkhano inacuruka, malamulo nacuruka nayo. Mu January 1955 Harry Nkumbula ndi Kenneth Kaunda, atsogoleri a Congress, anapatsidwa ukaidi wa miyezi iwiri cifukwa ca kupezeka ndi zolembedwa zoletsedwa. Caka comweco kunapangidwa lamulo la Public Order Ordinance, limene pambuyo pace linakhala msampha wa misonkhano yosawerengeka. Dzina la lamulo limeneli mulisunge, pakuti tikomana nalonso patsogolo.

Mu 1956 kunabuka mkangano waukuru ku Migodi. Makampani anali atabvomereza bungwe lina la makalaliki ndi akapitao, Mines African Staff Association, ndipo a Union anaona kuti kumeneko ndi kuwacotsera anthu ao ophunzira kuti atsale ofooka. Kunacitika masitalaka otsatizana, lero mgodi uwu, mawa mgodi uwo. Pa 11 September 1956 wogwirizira mpando wa Bwanamkubwa, A. T. Williams, analengeza kuti cigawo ca Migodi, cimene masiku amenewo cinalikuchedwa Western Province, ciri pangozi. Amuna oposa 50, atsogoleri a Union ndi a Congress, anagwidwa natengedwa kunka ku msasa wa ku Mumbwa. Pakati pao panali Matthew Nkoloma, mlembi wamkuru wa Union.

Muone bwino cimene Boma linacita apa. Silinawaimike amunawa pamaso pa woweruza kuti mau ao a pa misonkhano ayesedwe, pakuti kutero kukadafuna mboni, ndipo mboni zimafunsidwa mafunso. Linangowatsekera ndi kalata. Lamulo la pangozi linati Bwanamkubwa akakhutira mumtima mwace kuti munthu wakuti ayenera kugwidwa kuti bata lisungike, angathe kulamula kuti atsekeredwe. Koma makalata otsekera anthuwo sanasainidwe ndi Bwanamkubwa. Anasainidwa ndi Bwana P.C. wa cigawoco, amene ofesi yace inali ku Ndola, popeza Bwanamkubwa anali atampatsa mphamvu zace.

Apa ndipo maloya a omangidwawo anapezera khomo. Anapita ku Bwalo Lalikuru ndi pempho lakale la malamulo a Angerezi lochedwa habeas corpus, ndiko kuti, wosunga munthu m'ndende abwere naye pamaso pa woweruza nafotokoze lamulo limene amsungira. Ananena kuti Bwanamkubwa angathe kubwereka mnzace colembera, koma sangathe kumbwereka mtima. Lamulo lati iye mwini akhutire, ndipo iye sanayese mlandu wa munthu ali yense wa awa. Bwalo linabvomera, ndipo kumapeto kwa November 1956 linalamula kuti amasulidwe. Mbiri inawanda m'makomboni monse yakuti Boma lagonja pa bwalo lace lomwe.

Cimwemweco sicinakhalitse. Boma linafulumira kupanga lamulo lina, ndipo ambiri a omasulidwawo anapitikitsidwira ku midzi, osaloledwa kupondanso ku Migodi. Mmodzi wa iwo, Edward Mungoni Liso wa Congress, anasumira Boma kuti limlipe cifukwa ca kumtsekera popanda lamulo. Ku Bwalo Lalikuru anapambana napatsidwa ndalama pang'ono. Bwalo lalikuru la Citaganya linagubuduza ciweruzoco. Iye nadandaula kufikira ku London. Mu 1960 Privy Council, mwa mau a Lord Denning, inagamula kuti mphamvu ya kutsekera ndi udindo wa kukhutira siziyenda padera, kotero kuti Bwanamkubwa popatsa Bwana P.C. cimodzi anampatsa zonse ziwiri. Khomo lija linatsekedwa.

Phunziro la 1956 ndi ili: amuna a ku Mumbwa sanaturuke cifukwa woweruza anapeza kuti mau ao anali oona kapena kuti madandaulo ao anali olungama. Anaturuka cifukwa bwalo linaona kuti Boma linalumpha mzere wa lamulo lace. Imeneyi ndiyo njira yoyamba ya dandaulo, ndipo mphamvu yace ithera pomwepo, pakuti Boma likalakwitsa kalata limalemba ina.

MAU NDI MOTO

Tisanapitirire tiyenera kunena mbali ina ya nkhaniyi, pakuti mbiri yonena mbali imodzi ndi miseche. Mu March 1959 Bwanamkubwa Sir Arthur Benson analetsa cipani ca Zambia African National Congress, nalankhula pa wailesi kucifanizira ndi gulu la zigawenga zakupha la ku America. Kaunda anapitikitsidwira ku Kabompo, ndipo pambuyo pace anapatsidwa ukaidi wa miyezi 9 pa nkhani ya msonkhano wosaloledwa, naturuka mu January 1960. Anthu ambiri anaona kuti mau a Bwanamkubwayo anapyola muyeso. Koma pa 8 May 1960, tsiku limene apolisi anabalalitsa anthu a cipani ca UNIP ku Ndola, gulu lina linaimitsa galimoto ya mai wa Cizungu, Lilian Burton, amene anali ndi ana ace, nalithira petulo ndi kuliyatsa. Maiyo anamwalira ndi mabala a moto patapita masiku owerengeka. Amuna 4 anaweruzidwa napacikidwa, ndipo cipani conse cinaletsedwa ku Migodi.

Palibe munthu wa nzeru amene angati khamu lokwiya siliopsa, kapena kuti wouza anzace kuti tengani petulo alibe mlandu. Funso limene mabwalo akhala akulimbana nalo kuyambira masiku amenewo ndi la malire. Mau otuma anthu kukapha kapena kukatentha ali ndi mlandu wooneka, ndipo mboni zingathe kuuchula. Koma mau odzudzula wolamulira, omseka, kapena omcititsa manyazi ndi ena ndithu. Lamulo likasakaniza ziwirizi m'mbale imodzi, wapolisi ndiye amasankha amene adye, ndipo kawirikawiri amasankha wotsutsa Boma la tsikulo.

UFULU UNADZA, MALAMULO NATSALA

Pa 24 October 1964 mbendera inasintha, koma buku la milandu linatsala pa thebulo. Lamulo la sedition linatsala, lamulo la misonkhano linatsala, mphamvu ya kutsekera munthu osamweruza inatsalanso, pakuti malamulo a pangozi amene analengezedwa mu 1964 sanacotsedwe kufikira 1991. Mu 1965 kunaonjezedwa gawo 69 la buku la milandu, lakuti wonyoza Pulezidenti angathe kukhala m'ndende kufikira zaka zitatu.

Komabe cinthu cimodzi catsopano cinalowa. Malamulo Akuru a dziko, amene ali pamwamba pa malamulo ena onse, analemba ufulu wa munthu ali yense: wa cikumbumtima, wa kulankhula, wa kusonkhana. Kuyambira pamenepo woimbidwa mlandu anakhala ndi njira yaciwiri. Sanangoti, Boma lalumpha lamulo lace. Anakhoza kunena kuti lamulolo ndilo lolakwa, pakuti litsutsana ndi Malamulo Akuru.

Mmodzi wa oyamba kuyesa njirayi anali mwana wa sukulu wa ku Mufulira, wa banja la Mboni za Yehova, amene anacotsedwa sukulu cifukwa ca kukana kuimba nyimbo ya fuko ndi kucitira mbendera sawaca. Mlandu wace, wodziwika ndi dzina la Kachasu, unagamulidwa mu 1967. Uwu sunali mlandu wa kunena mau oletsedwa, unali wa kukana kunena mau olamulidwa, koma muzu wace ndi womwewo. Bwalo linabvomera kuti ufulu wa mwanayo unapingidwa, koma linati lamulo la sukulu ndi lofunika kuti dziko likhale logwirizana ndi losungika, ndipo mwanayo anagonja. Anthu anaphunzira kuti ufulu wolembedwa uli ndi mcira wa mau akuti pokhapokha, ndi kuti woweruza angathe kugwira mcira kusiya mutu.

M'zaka za cipani cimodzi, kuyambira December 1972, njira yakale ya 1956 ndiyo inagwirabe nchito. Mu July 1981, masitalaka atabuka ku Migodi, Boma la Kaunda linatsekera Frederick Chiluba, mtsogoleri wa mabungwe a anchito amene likuru lao linali ku Kitwe, pamodzi ndi Newstead Zimba, Chitalu Sampa ndi Timothy Walamba. Maloya ao anapita ku Bwalo Lalikuru monga anacitira a amuna a ku Mumbwa zaka 25 zapitazo, ndipo caka cisanathe onse anamasulidwa. Omanga anali ena, omangidwa anali ena, koma kalata yotsekera ndi pempho lomasula zinali zomwe zija.

ZIWERUZO ZIWIRI ZA 1996

Akuru anati mlandu suola. Mu 1991 Chiluba anapambana cisankho nakhala Pulezidenti, ndipo Kaunda anakhala wotsutsa. Mu 1995 Kaunda ndi anzace a UNIP anaimbidwa mlandu wa kucita msonkhano popanda cilolezo ca apolisi, pa lamulo lija la 1955 limene iye mwini analisunga zaka 27 za ulamuliro wace. Oimbidwa mlanduwo anapempha kuti majisitireti ayambe waima, kuti funso la lamulolo likamveke ku bwalo la pamwamba. Ku Bwalo Lalikuru sanaphule kanthu, koma anapitirira ku Supreme Court, ndipo mlanduwo umadziwika ndi dzina la mmodzi wa iwo, Christine Mulundika. Mu January 1996 bwalolo, motsogozedwa ndi Woweruza Wamkuru Matthew Ngulube, linagamula kuti ndime yofuna cilolezo itsutsana ndi Malamulo Akuru, cifukwa inapatsa wapolisi mmodzi mphamvu ya kulola kapena kukana monga afunira, popanda muyeso womtsogolera. Ndimeyo itagwa, mlandu womangidwa pa iyo unagwa nayo.

Ici cinali cacikuru koposa ca 1956, pakuti sicinamasule anthu asanu ndi atatu okha. Cinazula msampha weniweniwo. Komabe Nyumba ya Malamulo inakonza lamulolo caka comweco, niti ofuna msonkhano azidziwitsa apolisi masiku angapo usanacitike, ndipo m'zaka zotsatira otsutsa Boma anadandaula kawirikawiri kuti apolisi analikutenga cidziwitso monga ngati ndi cilolezo cakale cija.

Caka comweco bwalo lomwelo linamva dandaulo la Fred M'membe ndi Bright Mwape, a nyuzipepala ya The Post, amene anaimbidwa mlandu wa kunyoza Pulezidenti Chiluba. Iwonso anapempha kuti gawo 69 lifafanizidwe. Bwalo linakana, niti ulemu wa mpando wa mtsogoleri wa dziko ukhudzana ndi bata la anthu onse. Bwalo lomwelo, caka cimodzimodzi, linatsegula khomo lina nitseka lina. Gawo 69 linakhalabe ndi moyo zaka zina 26, ndipo silinaphedwe ndi bwalo. Linacotsedwa ndi Nyumba ya Malamulo, Pulezidenti Hakainde Hichilema nasaina mu December 2022. Koma kusintha kumeneko sikunakhudze lamulo la sedition.

Njira yaciwiriyi inabalanso cipatso mu 2014. McDonald Chipenzi, Richard Sakala ndi Simon Mwanza anaimbidwa mlandu pa gawo 67, la kufalitsa mbiri yonama yocititsa anthu mantha, cifukwa ca nkhani imene inaturuka m'nyuzipepala ya Daily Nation yonena za kalembedwe ka apolisi. Funso la lamulolo linatumizidwa ku Bwalo Lalikuru, ndipo mu December 2014 Woweruza Isaac Chali anagamula kuti gawo 67 litsutsana ndi ufulu wa kulankhula. Cina cimene anacipeza colakwa ndi cakuti lamulolo linasenzetsa woimbidwa mlandu katundu wa kudziyeretsa yekha, pamene mwambo wa mabwalo ndi wakuti wosumira ndiye aonetse kulakwa kwa mnzace.

MLANDU WOSIYIDWA PANJIRA

Pali mathero ena a milandu ya mau amene inu a ku Kitwe mwawaona ndi maso. Mu November 2008, citapita cisankho cimene Rupiah Banda anapambana, Bambo Frank Bwalya, amene masiku amenewo anali wansembe woyang'anira wailesi ya Akatolika ya Radio Icengelo, anagwidwa cifukwa ca pologalamu imene anthu analikuimba lamya kunena maganizo ao pa cisankhoco. Kugwidwa kwace ndiko kunautsa cipolowe m'tauni, cinthu comwe apolisi anati alikuciletsa. Mlanduwo sunafike pa ciweruzo, pakuti Boma linausiya. Mu March 2010 anagwidwanso ku Kitwe komweko cifukwa ca kugawira anthu makadi ofiira osonyeza kuti Boma lituruke m'bwalo monga wosewera mpira wolakwa. Mu January 2014 anaimbidwa mlandu wa gawo 69 ku Kasama, cifukwa ca kufanizira Pulezidenti Michael Sata ndi mbatata yokhota imene siwongoka. Pamenepo majisitireti anamva mlanduwo napeza kuti alibe kulakwa.

Cimodzimodzi mu June 2015 woimba wa ku Migodi, Fumba Chama, wodziwika ndi dzina lakuti Pilato, anagwidwa cifukwa ca nyimbo ya Cinyanja yoseka Pulezidenti Edgar Lungu, naimbidwa mlandu wa khalidwe lokhoza kusokoneza mtendere. Mwezi wotsatira Boma linausiya mlanduwo.

Kusiya mlandu kotereku maloya amakucha nolle prosequi, ndipo ndi mphamvu ya mkuru wa osumira milandu a Boma. Womasulidwa amapita kwao akukondwa, abale nabvina, koma tiyenera kudziwa kuti kumeneku si kupezeka wosalakwa. Munthuyo angathe kuimbidwanso mlandu womwewo tsiku lina, ndipo coposa apo, woweruza sapeza danga la kuyesa lamulolo. Munthu wagona m'citokosi, wataya ndalama kwa loya, anansi ace aphunzira kutseka pakamwa, ndipo lamulo labwerera m'thumba lace losakhudzidwa, kudikira wina.

CIMENE TIYENERA KUDZIWA

Tsono tisonkhanitse zimene taona. Munthu woimbidwa mlandu wa mau ali ndi mafunso atatu amene angaike pamaso pa bwalo. Loyamba: kodi Boma latsata lamulo lace pondigwira ndi pondisunga? Limeneli ndilo linamasula a ku Mumbwa mu 1956 ndi a Chiluba mu 1981. Laciwiri: kodi mau anga alowadi m'mlandu umene walembedwawu, ndipo mboni ziri kuti? Limeneli ndilo linapulumutsa Bambo Bwalya ku Kasama. Lacitatu: kodi lamulo lenilenilo ligwirizana ndi Malamulo Akuru? Ndime 20 ya Malamulo Akuru ndiyo isunga ufulu wa kulankhula, ndime 21 isunga wa kusonkhana, ndipo ndime 28 ndiyo ilola kuti funso lotere likabuka kwa majisitireti litumizidwe ku Bwalo Lalikuru, pokhapo ngati liri lacibwana. Funso loyamba ndi laciwiri amapulumutsa munthu mmodzi. Lacitatu lokha ndilo limapulumutsa ndi ana amene sanabadwe.

Njira imeneyi si yapafupi. Ifuna loya, ifuna ndalama, ifuna kupirira kwa miyezi kapena zaka. Liso anadikira kucokera 1956 kufikira 1960, nagonjabe. Ndico cifukwa cace milandu yambiri ya m'mbiri imeneyi inasenzedwa ndi anthu amene anali ndi gulu kumbuyo kwao, kaya bungwe la anchito, cipani, mpingo kapena nyuzipepala. Wanchito wa yekha, womangidwa cifukwa ca mau a pa bawa kapena a pa lamya ya m'manja, kawirikawiri amangobvomera mlandu kuti zithe msanga, ndipo dzina lace silifika m'mabuku a ziweruzo. Inu a m'mabungwe a anchito muganizirepo pamene mukamba za nchito ya ndalama zimene mumasonkha mwezi ndi mwezi.

Cina cimene mbiriyi itiphunzitsa ndi ca iwo okhala pa mpando. Kaunda anamangidwa ndi malamulo a Benson, nawasunga, ndipo anamgwiranso iye mwini atakalamba. Chiluba anamasulidwa ndi bwalo, ndipo Boma lace linasumira olemba nyuzi. Sata anali wotsutsa wa pakamwa pakuthwa zaka khumi, koma m'masiku ace wansembe anaimirira pa bwalo cifukwa ca mbatata. Ali yense wa iwo anadana ndi msampha ali kunja kwa nyumba ya Boma, naukonda atalowamo. Cifukwa cace inu omvera, mukamva kuti wakutiwakuti wagwidwa pa mlandu wa mau, musayambe ndi kufunsa kuti ngwa cipani citi. Funsani cimene wanena, ngati watuma munthu kukapweteka mnzace kapena wangodzudzula wolamulira, ndipo funsaninso ngati mungakonde kuti lamulo limene lamgwiralo likhale m'manja mwa cipani cimene inu simucifuna.

Nthawi yathu yatha. Inu olowa mu mgodi usiku uno, mulowe bwino ndi kuturuka bwino. Inu otsala m'nyumba, gonani bwino.